A Chitseko ndi Mbama Imene Inachedwa

Tsiku lomwe tinaika m'manda a Chitseko ndinaima kumbuyo kwa a Wapampando a bungwe la parishi yathu, ndipo ndinawamva akuuza mlendo wina kuti malemuwa ankawadziwa kuposa wina aliyense, kuti kufatsa konse kuja anawaphunzitsa ndi iwowo, komanso kuti chibadwire malemuwa sanagwirepo munthu mwankhanza. Mlendoyo anagwedeza mutu. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. A Wapampando ndi munthu wabwino, ndipo denga la holo yathu silidontha chifukwa cha iwo, monga amatikumbutsira pamsonkhano uliwonse. Koma a Chitseko analembedwa ntchito yogwira ana mwamphamvu, ndipo anaigwira bwino ntchitoyo mpaka anathyola mkono wa mwana wa eni. Ngati tikufuna kuwakumbukira m'kalata ya parishi ino, tisabise zimenezo, chifukwa eni akewo sanazibisepo.

Dzina loti Chitseko analitengera kusukulu, poti akaima pakhomo la kalasi m'kati munkada. Bambo awo anali ndi butchala kuseri kwa msika, ndipo mwanayo anakulira pa simenti yonyowa, pakati pa ndowa za magazi ndi mbedza zokolekapo nyama. Ntchito yake inali kugwira. Bambo akamanola mpeni, iye ankagwetsa mbuzi kapena nkhumba, bondo pakhosi, manja kumiyendo, n'kudikira mpaka kuphiriphitha kuthe. Nyama ikapulumuka, lamba ankatera pa iye. Phunziro la pabutchalapo linali limodzi lokha: chimene wagwira chikalimbalimba, onjezera mphamvu. Amayi ake ndi amene ankamutengera ku Misa. Poopa kuti fungo la magazi lisokoneza anthu, mwanayo ankakhala kumapeto kwa benchi yomaliza, pafupi ndi khomo, ndipo malo amenewo sanawasinthe mpaka ukalamba.

Bambo aja atamwalira butchala inagwa, ndipo a Chitseko anamva kuti kuchipatala chachikulu akufuna munthu wokankha machira a odwala. Mkulu wolemba anthu ntchito sanafunse satifiketi. Anangoyang'ana mapewa n'kuwauza kuti ayambe mawa.

Masiku amenewo mwana wopita ku opaleshoni sankauzidwa kanthu. Amayi ake ankamunamiza kuti akukajambulitsa chithunzi kapena kukalandira maswiti. Pakhomo la chipinda cha opaleshoni anamwino ankamulanda, akumasula zala zake chimodzichimodzi pa bulawuzi ya amayi. M'katimo a Chitseko ankamugoneka chagada, chifuwa chawo pamiyendo yake, manja awo pamikono yake, ndipo dokotala wogonetsa ankamuphimba kumaso ndi chimasiki chakuda cha labala mpaka kukuwa kusanduke kubuula, kubuula kusanduke zii.

Amene simunaonepo mwana akutsitsimuka ku mankhwala ogonetsa musaganize za mwana wodzuka m'mawa akutikita m'maso. Ambiri amadzuka choncho, inde. Koma ena amadzuka ngati ndewu ija inangopumira. Maso ali tong'o koma sakuona munthu. Amayi ake akamuitana sawadziwa. Amapinda msana, amamenyetsa mutu kuzitsulo za bedi, amazula diripi magazi n'kuwazikira kukhoma, amakanda bala limene angolisoka kumene. Sizitenga nthawi yaitali. Kenaka amagona, ndipo akadzukanso sakumbuka kanthu, amangopempha madzi. Koma m'kanthawi komweko mwana akhoza kudzivulaza koopsa, ndiye ankaitananso a Chitseko kuti adzamupanikize kachiwiri.

Tsiku lina kunabwera kamtsikana ka msinkhu woyamba sukulu, kodzakonzedwa diso lomwe linkapenyera kumbali. Kanalimbana kuposa ana onse. Kanaluma namwino padzanja, kanagwetsa thireyi ya zipangizo, ndipo a Chitseko atakagonera kanayang'ana m'mwamba n'kuwauza kuti amalume mukundipweteka. Pofuna kuti kangokhala chete, a Chitseko ananena chimene chinawafikira pakamwa.

"Gona kaye. Ukadzuka udzandimenye mbama, ine sindidzabweza."

Kamtsikanako kanafunsa ngati akunena zoona. Iwo anati ndi zoona, pamaso pa Mulungu. Kenaka chimasiki chija chinatsika.

Kanatsitsimuka diso lili lomata ndi bandeji, ndipo dzanja linalunjika komweko, zikhadabo patsogolo. Anamwino anakuwa kuti kadzikolowola diso. A Chitseko anagwira mkono wamanzere. Mwanayo anapotoza thupi lonse, ndipo iwo anachita chimene anaphunzira ku butchala: anaonjezera mphamvu. Namwino amene analipo akuti kunamveka ngati munthu waponda kamtengo kouma, pafupi ndi chigongono.

Akuluakulu anakumana n'kugwirizana zonena kuti mwanayo anadzimenyetsa kuchitsulo cha bedi. Iwo akadali m'katimo kusankha mawu abwino, a Chitseko anali atatuluka kale kukaima pamaso pa bambo ake a mwanayo n'kuwauza kuti mkono uja athyola ndi iwo. Bamboyo anali makaniko, ndipo anabwera kuchipatala ndi ovolosi yake ya kuntchito, sipanala ili m'thumba. Anawamenya nayo pakamwa, paphewa, m'nthiti, pakamwa kachiwiri. A Chitseko anaika manja kumbuyo n'kumangoima, magazi akutsikira m'malaya. Alonda atamukoka bamboyo, mano akutsogolo a a Chitseko anali pansi m'khonde, ndipo wosesa anawakankhira pakona podikira kuti wina anene chochita nawo. Makolo aja anamutulutsa mwana wawo tsiku lomwelo mokwiya, mkono usanakonzedwe bwino, ndipo posakhalitsa anasamuka. Mbama ija sinamenyedwe.

Sabata yomweyo a Chitseko anakalapa, ndipo wansembe anawakhululukira. Koma Lamulungu, anthu akufola kukalandira Ukaristia, iwo anatsala pabenchi yawo atagwada. Lamulungu lotsatira chimodzimodzi. Atafunsidwa anati analumbira pamaso pa Mulungu kuti mwana uja adzawamenya, ndiye sangapite kukadya patebulo la mboni yawo ngongole ili pamutu. Ansembe onse amene anatumikirapo paparishi ino anayesa. Wina anawakumbutsa kuti anapulumutsa diso la mwanayo. Iwo anavomera, koma anati diso ndi diso, mkono ndi mkono. Wina anati sipanala ija inalipira zonse ndi zotsala zomwe.

"Ndinalonjeza mwana, Bambo Mfumu. Sindinalonjeze sipanala."

Wansembe wina wophunzira kwambiri, wa madigiri a kunja, anawatengera mu ofesi masana onse ndi mabuku akuluakulu, ndipo potuluka anapempha mapiritsi a mutu. Sindikunena kuti a Chitseko ankakhoza. Mpingo suphunzitsa choncho, ndipo Bambo Mfumu athu andipempha kuti chiganizo chimenechi ndichilembe momveka bwino. Ndikungonena kuti kuyambira unyamata wawo mpaka imvi, munthu ameneyu ankafika ku Misa ya m'mawa woyamba, kutsegula mawindo, kukonza mabenchi ogwedera, kenaka n'kugwada kumbuyo ali ndi njala ya chimene ankachikonda kuposa zonse.

Anakwatira mtsikana wa m'kwaya, wamfupi, wa lilime lakuthwa, amene ankaidziwa nkhani yonse ndipo anaganiza kuti adzaithetsa m'miyezi yochepa. Amayi amenewa akhala akupita okha kuguwa moyo wawo wonse wa m'banja, ngati amasiye mwamuna ali moyo.

Kuchipatala zinthu zinasintha kutabwera dokotala wina wogonetsa, wamkazi, wachitsikana, amene pofuna kufikira mashelefu ankaimirira pakampando. Tsiku lake loyamba anapeza a Chitseko atagonera mwana, ndipo anawauza mwaulemu kuti achokepo. Anaphunzitsa kuti kawirikawiri mwana amadzuka momwe anagonera: wogona akumenya nkhondo amadzuka akuipitiriza. Anayamba kupereka mankhwala oletsa ululu mwana asanatsitsimuke, ndi timankhwala tamadzi tofatsitsa kwa ana amantha kwambiri. Analola amayi kulowa mpaka mwana agone, ndi kudzakhala pambali podzuka. Anachepetsa magetsi m'chipinda chotsitsimukira, analetsa kukuwa, ndipo anati mwana aziuzidwa zoona. Anamwino akale anadandaula kuti chipatala chasanduka sukulu ya mkaka. Dokotalayo ankafuna munthu woti azipita kuwodi ya ana madzulo a tsiku loti mawa ndi opaleshoni, ndipo a Chitseko anakweza dzanja. Mpaka imfa yawo ankanena kuti zonse anaphunzira kwa dokotala ameneyu. A Wapampando sindinamvepo a Chitseko akuwatchula, koma mwina ankatero ine kulibe.

A Chitseko ankalowa m'wodi chimasiki chili m'thumba, n'kukhala pansi penipeni kuti mutu wawo ulingane ndi wa mwana. Ankamupatsa mwanayo chimasikicho, kuti achinunkhize, achilume ngati akufuna, kenaka awaphimbe nacho iwowo kumaso. Ankapuma mozama, kutembenuza maso, n'kugwa chagada mwamphamvu mpaka mabotolo a pashelefu kugwedera, ndipo ankaliza mkonono woti wodi yoyandikana inkadandaula. Ana ankaseka mpaka kuiwala kuti akudwala. Akadzuka pansipo ankamuuza mwanayo zonse mosabisa: chimenechi chimanunkha labala, ukadzuka pakhosi padzawawa, padiso padzakhala bandeji koma usadzaichotse, amayi adzakhala apa, ine ndidzakhala apo.

Ndi makolo onama ankakangana mofatsa koma osagonja. Bambo wina wa suti anawauza kuti asamuopseze mwana, iye wamuuza kale kuti akukajambulitsa. A Chitseko anafunsa kuti nanga chithunzicho adzamuonetsa liti.

Panali ana ena amene ngakhale achite zonsezi ankafunikabe kugwidwa pogonetsedwa. Aliyense wa amenewa a Chitseko ankamulonjeza mbama, ndipo sanalolenso kuti wina atuluke m'chipatala asanaimenye. Ankagwada pambali pa bedi, manja kumbuyo, tsaya patsogolo. Ena ankangowasisita. Ena ankatenga kaye mtunda. Kamnyamata kena kanapempha kuti kagwiritse ntchito silipasi, ndipo atakambirana anagwirizana kuti lonjezo linali la dzanja. Dokotala uja ankati za mbamazi m'mabuku mulibe, koma sanaletse.

Musaganize kuti kutsitsimuka koopsa kuja kunatheratu. Kunachepa kwambiri, koma ana ena ankadzukabe ali pankhondo, ngakhale amene anagona akuseka. Kusiyana kwake kunali koti a Chitseko sanapanikizenso mwana. Ankaika mapilo kuzitsulo, ndipo pamene pilo sakufikapo ankaikapo thupi lawo. Dzanja lawo limodzi linkangophimba diripi kapena bala, osafinya. Zina zonse, zibakera, mateche, mano, mutu, ankazisiya zitere pa iwo. Mphuno yawo inapindika chifukwa cha chidendene cha mwana wa m'kalasi yachiwiri. Nsonga ya khutu lamanja inatsala m'kamwa mwa kamtsikana kena, ndipo namwino anachita kukachonderera kuti kalavule. Magalasi anasiya kugula.

Namwino wina anandifotokozera za mnyamata wamkulu thupi amene anachitidwa opaleshoni yapakhosi. Anadzuka akulavula magazi, maso ali gwa, n'kuyamba kuponya mutu cham'mbali, kumene kunali ngodya ya kabati yachitsulo. A Chitseko anaika nkhope yawo pakati pa mutuwo ndi kabatiyo. Mutu unatera pamilomo, pamphuno, pamilomo, mpaka magazi a awiriwa anasakanikirana papilo, osadziwika a ndani. Amayi ake a mnyamatayo anakomoka, ndipo panalibe woti awatole. A Chitseko ankangobwereza ndi mawu apansipansi kuti uli pano, amayi ali pano, zatha, zatha, pakati pake akulowetsamo mawu a kolona. Kenaka thupi la mnyamatayo linafewa, anagona. Atadzuka bwinobwino anawayang'ana modabwa n'kufunsa kuti amalume wakumenyani ndani.

"Munthu wina amene anali m'tulo," anayankha a Chitseko.

Kunyumba ankafika milomo itatupa, diso litatsekeka, ndipo oyandikana nawo anayamba kunong'ona kuti amamenyedwa ndi akazi awo. Amayiwo sanatsutsepo. Ankati mbiri imeneyo inkawathandiza kumisonkhano ya bungwe la amayi, chifukwa panalibe amene ankawadula mawu.

Nthawi yonseyi a Chitseko sanasiye kufunafuna mwini mbama yoyamba. Ankafunsa odwala ochokera kutali ngati akudziwa mtsikana wa mkono wamanzere wopindika. Pamzere wa basi ankayang'anitsitsa zigongono za amayi mpaka akazi awo anawachenjeza kuti tsiku lina adzagona kupolisi. Sanamupeze. Anapuma pantchito tsaya litalandira mbama za ana osawerengeka, kupatula imodzi.

Chaka chathachi mtima wawo unayamba kufooka, miyendo inatupa, ndipo anagona. Bambo Mfumu anapita ndi mafuta odzozera odwala komanso Ukaristia. Mafuta analandira. Itafika nthawi ya Ukaristia anatseka pakamwa n'kugwetsa misozi. Akazi awo anatuluka panja, anamanga mpango, ndipo anauza mwana wawo wamkazi kuti awasamale bambo ake chifukwa iwo ali ndi ulendo. Anati amuna awo afunafuna mkono moyo wawo wonse, koma mkono sulankhula. Iwo akukafuna sipanala. Anayenda galaja ndi galaja kufunsa za makaniko wachikulire amene anamenyapo munthu wa kuchipatala mpaka kumugulula mano. Munthu wochita zotero sasunga chinsinsi. Pagalaja ina kutali ndi kuno amakaniko onse ankaidziwa nkhaniyo pamtima, ndipo m'kufotokoza kwawo a Chitseko anali atasanduka madokotala atatu. Mkuluyo anali atamwalira, koma galajayo inali m'manja mwa mwana wake wamkazi.

Anali mayi wojintcha, wa mawu okhuthala, ndipo mkono wake wamanzere sunkawongoka. Atamva nkhaniyo anati alibe nthawi yomenya nkhalamba. Akazi awo a a Chitseko anakhala pa tayala lakutha pakati pa galaja mpaka nthawi yotseka, n'kubweranso m'mawa mwake, ndipo aliyense wobwera ndi galimoto ankamufotokozera chifukwa chimene akhalira pamenepo. Mwini galaja anaona kuti kumenya nkhalamba n'kosavuta kusiyana ndi zimenezi.

Anafika kunyumba kwa a Chitseko masana ena atavala ovolosi. M'chipindamo munali bedi, ndowa, mtanda pakhoma ndi fungo la mankhwala otikitira. Munali Bambo Mfumu, akazi awo a a Chitseko, dokotala wogonetsa uja, amene tsopano nayenso ali ndi imvi, ine, ndi a Wapampando, amene anamva kuti kuli mwambo ndipo sanafune kuti uchitike popanda wotsogolera.

Mayiyo anaima kumiyendo kwa bedi, osakhala pampando umene anapatsidwa. Anati lonjezo lililonse iye sakulikumbuka. Chimene amakumbuka ndi chibwano chachikulu pamwamba pake ndi fungo la labala. Anati mpaka lero sagona atafunda kumaso, kuchipatala sanapondekonso ngakhale pobereka ana ake, ndipo kusukulu anzake ankamuitana mayina amene sangawatchule pamaso pa wansembe. Diso limaona bwino, anaonjezera, ngati munthu wofuna kuti mlandu ukambidwe mwachilungamo. A Chitseko anamvetsera zonse osatsinzina.

"Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukupemphera ndi mkono wanga," anatero mayiyo, "ine mwini wake osadziwa."

"Eya, mayi. Umenewonso ndi mlandu."

"Mbama imodzi siwongola mkono."

"Siwongola. Koma ndi yanu. Ndakusungirani."

Apa a Wapampando anaimirira n'kukonza jekete. Anati m'malo mwa bungwe la parishi akuona kuti kungokhudza tsaya ndi nsonga za zala kukwanira ngati chizindikiro, ndipo ali ndi mfundo zingapo zofotokozera zimenezi. Akazi awo a a Chitseko anawauza kuti akhale pansi. Anakhala.

A Chitseko anapempha kuti tiwatsamiritse kukhoma. Ine ndi Bambo Mfumu tinawakweza, ndipo ankalemerabe ngati kale. Analowetsa manja pansi pa bulangete n'kupereka tsaya. Mayiyo anavula wotchi n'kumupatsa dokotala kuti amugwirire. Tonse tinkayembekezera dzanja lamanja, koma iye anapinda malaya a mkono wamanzere, wopindika uja, anasuntha phazi limodzi kumbuyo monga amachitira munthu womasula bawuti yolimba, n'kuwomba.

Mutu wa a Chitseko unagunda khoma mpaka mtanda unapendekeka. Mlomo unang'ambika, magazi anatsikira pachibwano. Mayiyo anagwira chigongono chake n'kuwerama, chifukwa nayenso zinamupweteka, ndipo misozi inali kutsika osaipukuta. Dokotala anagwira a Chitseko pamkono kumvetsera mtima, n'kugwedeza mutu kuti ukugundabe.

"Yakwana?" anafunsa a Chitseko.

Mayiyo anaganiza kaye, ndipo sanafulumire.

"Yakwana."

A Chitseko anatembenukira kwa Bambo Mfumu n'kutsegula pakamwa. Akazi awo anayamba awapukuta magazi ndi ngodya ya mpango, kenaka anagwada pambali pa bedi, ndipo awiriwa analandira Ukaristia limodzi koyamba chikwatirane. Mwini galaja anaonerera mpaka kumapeto ataima pomwepo. Potuluka anavala wotchi yake, anafunsa kuti galimoto ikudontha oyilo panjayo ndi ya ndani, n'kuuza a Wapampando kuti aibweretse isanawaphe.

A Chitseko anakhalako masiku ochepa, akulandira Ukaristia m'mawa uliwonse ngati munthu wolipira zaka zotsalira. Anamwalira masana, ali m'tulo, akazi awo akuwerenga kolona pambali, ndipo amayiwo anazindikira kuti apita poona kuti m'chipinda mwachita bata lomwe mkonono wa amuna awo sunkalola. Dokotala uja akuti kuwodi ya ana achinyamata awiri amene anawaphunzitsa amapitabe madzulo ndi chimasiki m'thumba, ngakhale kuti pogwa sagwedeza mabotolo. Makolo amene mwana wanu adzafunike opaleshoni, muuzeni zoona, ndipo mukhale pambali pake podzuka.

Pokonza thupi, mizere ya zala inali ikuonekabe patsaya, itatupa. Wina anabwera ndi paudala kuti aiphimbe anthu asanayambe kuona nkhope. Amayi amasiye anamugwira dzanja.

"Musafufute. Kumene akupitako akafunsidwa, ndipo amuna angawa sadziwa kulankhula."